Ilala: sitimayi ndi yakale, koma amalinyero ake ndi odalirika

MV Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kunyamula anthu pa Nyanja ya Malawi mu 1951. Ndi yotalika mamita 52. Mlungu uliwonse imachoka ku Monkey Bay Lachisanu kulowera ku Chilumba, mtunda wa makilomita pafupifupi 480, n'kudzafikanso ku Monkey Bay Lachitatu.

Ubwino wa ulendowu uli m'manja mwa amalinyero, ndipo umaonekera pamalo opanda doko monga Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe. Kumeneko kaputeni amaponya nangula kutali ndi gombe, anyamata n'kutsitsa maboti awiri a injini amene amakhala atapachikidwa m'mbali mwa sitima. Wina agwira chingwe chakutsogolo, wina chakumbuyo, wina aima pakhomo kulandira makanda, agogo, matumba a chimanga, simenti ndi malata. Boti limakwera n'kutsika ndi funde pamene sitima ili njii, choncho mphindi yoponda ndi imodzi yokha: boti likafika pamwamba. Iwo ndi amene amaidziwa. Akati "dikirani mayi", dikiranidi. Wodumpha mwaphuma amaphonya, kapena mwendo umapanikizika pakati pa boti ndi chitsulo cha sitima. Ntchito imeneyi amaigwira ngakhale pakati pa usiku, ndipo kwa anthu a ku Ruarwe, kumene galimoto sifika, boti limenelo ndiwo msewu wawo.

Chodandaulitsa ambiri ndi nthawi. Ndandanda imasokonekera chifukwa katundu amanyamulidwa ndi manja, boti n'kubwerera kangapo mpaka gombe litayera. Pa Nkhotakota madzi ndi osaya, sitima imaima patali, ulendo uliwonse wa boti n'kutalika. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kuli mwera, umene umautsa mafunde aakulu makamaka pakati pa Likoma ndi Nkhata Bay. Kaputeni akachedwetsa kunyamuka chifukwa cha mphepo, musamunyoze. Pa 30 Julayi 1946 sitima ina, MV Vipya, inagubuduzika ndi namondwe pafupi ndi Florence Bay, kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kumira, ndipo oyendetsa sitima pa nyanjayi amakula akudziwa nkhani imeneyo.

Malo okhala ali panayi. Ekonome ya pansi ndi yotsika mtengo, koma kumapanikizana, kumatentha, ndipo fungo la usipa ndi dizilo limavutitsa amene sachedwa kuchita nseru. Sekondi ili ndi mipando yabwinoko. Pamwamba penipeni, pa fesiti kilasi, pali mpweya wabwino, koma mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri. Tengani bulangete ndi chofunda kumutu. Zipinda zogona ndi zochepa, zimafuna kusungitsiratu.

Zovala, foni ndi mapepala kulungani m'pulasitiki musanaike m'chikwama, chifukwa m'boti madzi amathovukira, ndipo pofika kumtunda mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo kapena m'chiuno. Valani patapata, ndalama zikhale zapamanja. Thumba lililonse mulembepo dzina ndi kumene likutsikira, popeza matumba a ufa amafanana ndipo usiku amasinthana mosavuta. Mukangokwera, funsani mmalinyero kumene kuli majekete opulumutsira. Ngati muli ndi basi kapena ndege yoti mukwere mukatsika, siyani tsiku lathunthu pakati.