Masutikesi a pansi pa Panama Hotel

Loweruka ndikaweruka ku ntchito ndimakonda kutsikira ku South Main Street kukamwa tiyi pa Panama Hotel. Dera limeneli kale linkatchedwa Nihonmachi, mudzi wa Ajapani muno mu Seattle, ndipo hoteloyi inamangidwa mu 1910. M'chipinda chomweramo tiyi anaika galasi pansi. Ukawerama umaona m'chipinda chapansi: masutikesi, mabokosi ndi madengu zitangounjikana. Tsiku loyamba ndinaima pamenepo mpaka tiyi kuzizira.

Katunduyo anasungitsa ndi mabanja a Chijapani mu 1942, Pulezidenti Roosevelt atasaina lamulo lomwe linachotsa anthu a mtundu wa Chijapani pafupifupi 120,000 m'nyumba zawo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. A ku Seattle anayamba atsekeredwa ku Puyallup, kenako ku Minidoka m'chigawo cha Idaho. Munthu ankanyamula zokhazo zimene manja ake akanatha. Zotsalazo ena anagulitsa motaya, ena n'kukasiya kwa a Hori, banja lomwe linagula hoteloyi mu 1938. Nkhondo itatha a Takashi Hori anabwerera n'kuyambiranso bizinesi, koma eni ena a katunduyo sanaonekenso. Pomwe ankagulitsa hoteloyi kwa mayi Jan Johnson mu 1985, masutikesi aja anali pompo.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mavuto a malo anayamba nkhondo isanabwere n'komwe. Wobadwira ku Japan sankaloledwa kukhala nzika ya America mpaka 1952, ndipo malamulo a chigawo cha Washington ankaletsa wotereyu kukhala ndi malo akeake. Lamulo la mu 1921 linatsekanso ngakhale za lizi. Ndiye taganizani: bambo wakhetsa thukuta zaka makumi awiri, ndalama wapeza, koma pa chikalata cha malo dzina lake silingalembedwe. Ambiri ankalembetsa m'dzina la mwana wobadwira kuno, ena m'dzina la mzungu amene ankamudalira. Akakhala wamtima wabwino, zinkayenda. Akatembenuka, ukadandaula kwa yani? Boma litaona njira yolembetsa m'dzina la mwana ija linaitsekanso mu 1923. Kuti chiletsochi chichoke, anthu anavota katatu: mu 1960 ndi 1962 anakana, mu 1966 m'pamene anavomera. Nthawi imeneyo msewu waukulu wa I-5 unali utang'amba kale dera la Nihonmachi pakati.

Nditabwerera kunyumba yomwe ndimachita lendi usiku umenewo tulo sitinabwere. Chaka chachitatu chino ndikutumiza ndalama za poloti ku Lilongwe, ndipo mapepala ake ali m'dzina la achimwene chifukwa ine sindinalipo posainirana. Achimwene ndi munthu wokhulupirika, sindikuwakayikira ayi. Koma ine palibe lamulo londiletsa ngati Ajapani aja, ndinangozengereza ndekha. M'mawa mwake ndinawaimbira pa WhatsApp, tinakambirana bwinobwino, ndipo ndikabwera Disembala uno tikasinthitsa dzina.