Makaseti akale kulowa mu kompyuta: jaki ya laputopu, UCA202 kapena Scarlett?

Ambiri akamasamutsa makaseti aja akwaya, maulaliki ndi zaukwati amanamizira Audacity, pulogalamu yojambulira mawu pa kompyuta, kuti ikuwononga mawu. Ayi ndithu abale, nkhani ili polowera, mphamvu yomwe deki (makina oimbira makaseti) ikutulutsa ndi yomwe chipangizo chanu chikudikira sizikugwirizana basi.

Yomwe aliyense amayambira ndi kachingwe kuchoka pa deki kupita pa jaki ya laputopu. Isiyeni imeneyo. Bowo lija ndi la maiki, limadikira timamilivolti tochepa pomwe deki yapanyumba imatulutsa -10 dBV, cha m'ma 0.316 V, ndiye mawu amangophwanyika, komanso malaputopu ambiri amalandira mono. Timawokumani tina ta USB tija natonso sitikufunsani za levulo, timangojambula mmene tafunira.

Behringer UCA202, kabokosi ka USB kolowetsera mawu mu kompyuta, ndiyotchipa ndipo ndi ya madeki oterewa, ma RCA awiri (mabowo aja ofiira ndi oyera), 16-bit mpaka 48 kHz, mwalumikiza yayamba. Koma ilibe potsitsira zolowa. Kaseti ikakhala yokuwa, ngati aja ankadabingidwa singano ili pa redi, mita imagunda 0 dBFS, denga lomwe mawu sangadutse mu kompyuta, ndipo kukoka silaida mu Windows sikupulumutsa kanthu poti mawu aphwanyikira mukabokosimo asanafike mu kompyuta. Pokhapokha deki yanu ili ndi kotsitsira output, apo ayi muike kamikisa pakati.

Focusrite Scarlett 2i2, kabokosi kena ka USB, imaluma m'thumba koma ine ndimaikonda chifukwa cha gain, pokwezera ndi potsitsira mawu olowa. Inapangidwira zida za mu situdiyo za +4 dBu, 1.228 V, pafupifupi 12 dB pamwamba pa deki, ndiye kaseti imalowa motsika inu n'kukweza pang'onopang'ono mpaka pomwe mukufuna, ndipo poti ndi 24-bit mutha kusiya nsonga pa -12 dBFS osadandaula, kaseti payokha phokoso lake la sss lili cha m'ma 60 dB pansi pa nyimbo pomwe ngakhale 16-bit imakwana 96 dB. Malo alipo ambiri, nanga mukukankhira ku ziro chifukwa chani? Zotsika mukweza pambuyo pake ndi Normalize ya mu Audacity, mbali yonse ya kaseti pamodzi osati nyimbo imodziimodzi, koma zophwanyika sizibwerera. Chovuta chake mufunika chingwe cha RCA kupita ku jaki yaikulu, batani la INST (la gitala) likhale lozimitsa, ndipo pa mitundu yakale ya 2i2 gain yakumanzere ndi yakumanja n'zosiyana, muzilinganize nokha ndi kaseti yoyankhula yomwe mawu ali pakati.

Amagalamafoni nkhani yanu ndi ina. Singano imatulutsa cha m'ma 5 mV, popanda phono preamp ya RIAA, kachipangizo kokweza ndi kukonza mawu a galamafoni, zonsezi zimveka zoonda zopanda besi, pezani Behringer UFO202 yomwe ili nayo kale.

Makaseti ochepa, UCA202 ikwanira bola deki izitsitsika. Katoni yonse yojambulidwa ndi anthu osiyanasiyana, tengani Scarlett, ndipo kaseti iliyonse muyambe mwasaka pomwe kwaya yakuwitsitsa, muike levulo pamenepo, kenako mubweze kumayambiriro.