Mng'oma wa top bar: ungapangitse nkhalango ya m'mudzi kubweretsa ndalama?

Midzi yambiri yomwe inapatula nkhalango yake imafika pa funso limodzi: mitengo tasiya kudula, nanga tidya chiyani? Yankho lomwe alangizi amakonda kupereka ndi njuchi, ndipo mng'oma womwe amalimbikitsa ndi wa matabwa uja wotchedwa top bar. Ife tikuti ndi wabwino kugula, koma osati musanagawe malo.

Mng'omawu ndi bokosi lotalika pafupifupi mita imodzi, lotambalala kumwamba, lopanikiza pansi. Pamwamba pamayalidwa timitengo pafupifupi 30, ndipo kamtengo kalikonse njuchi zimamangapo chisa chimodzi. Ubwino wake waukulu uli pomwepa. Mumanyamula chisa chimodzichimodzi, kutenga chokhwima, kusiya cha ana. Mng'oma wa khungwa sulola zimenezi, komanso kuti muupeze mumasenda mtengo wonse mpaka kuuma.

Pogula, tengani choyezera. Kamtengo kalikonse kakhale mamilimita 32 m'lifupi, chifukwa ndiwo mtunda womwe njuchi zathu zimasiya kuchokera pakati pa chisa chimodzi kufika pakati pa chinzake. Akalipentala ambiri amangoyerekeza ndi maso. Kakakula kapena kuchepa, njuchi zimamanga mopingasa n'kumata timitengo tingapo pamodzi, ndiye pokolola zisa zimathyoka, ana amafa, njuchi zimalusa. Vuto lachiwiri ndi matabwa aawisi: akauma amapindika n'kusiya ming'alu yolowera nyerere ndi mvula. Sankhani a malaina kapena paini ouma bwino. Wa mlombwa ukanidwe, poti sitingateteze nkhalango ndi bokosi lomwe lagwetsa mtengo wachilengedwe. Chivundikiro chikhale cha lata.

Musanaupachike, pakani phula pakati pa kamtengo kalikonse kuti njuchi zikopeke ndi kumanga mowongoka. Upachikeni ndi waya pamthunzi, kupitirira mita imodzi kuchokera pansi, kuti chiuli chikaukankha uzingolendewera. Wayayo pakani girizi kuletsa linthumbwi. Ngakhale mutachita zonsezi, si ming'oma yonse imalowedwa chaka choyamba, ndipo njuchi zimathawa zikasowa madzi m'chilimwe.

Tsono nkhani ya malo, yomwe ogulitsa ming'oma saitchula. Uchi umachokera ku maluwa, ndipo maluwa ayenera kupezeka miyezi yosiyanasiyana. M'nkhalango ya miombo, mitengo ya tsamba ndi mombo imachita maluwa mvula isanagwe, pomwe mtengo wa mchenga umachita maluwa mvula ikamatha. N'chifukwa chake kukolola kumatheka kawiri, cha mu Novembala kapena Disembala, kenako cha mu Meyi kapena Juni. Munda wa bulugamu wokhawokha sungapereke zimenezi, ndipo pansi pake simumera bowa wochuluka ngati wa m'miombo. Choncho komiti ya zachilengedwe pamodzi ndi amfumu ayambe ayenda m'nkhalangomo n'kuigawa. Mbali yowirira, makamaka m'mbali mwa mtsinje ndi pamtsetse wa phiri, ikhale ya njuchi, bowa, masuku ndi mankhwala, nkhwangwa isalowemo. Mbali ina ikhale yotola nkhuni ndi kudula milimo mosinthanasinthana, zitsa zizisiyidwa kuti ziphukire. Ming'oma italikirane ndi njira, sukulu, komanso madimba ndi minda ya thonje yomwe amapoperamo mankhwala. Kuzungulira malo a njuchi lambulani udzu, ndipo ngati mutentha, tenthani udzu usanaumitsitse. Moto wa mu Okutobala umapsereza ming'oma ndi mphukira zomwe.

Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mudzi kukhala ndi nkhalango yakeyake ndi malamulo oiyendetsera. Malamulowo alembedwe ming'oma isanafike: mwini mng'oma ndani, komiti itengapo zingati, wakuba uchi alipira chiyani. Magulu ambiri amapasuka pa kagawidwe ka ndalama, osati pa njuchi.

Pa phindu tisanamizane. Mng'oma wosamalidwa bwino ungapereke makilogalamu pafupifupi 10 pachaka, ndipo ndalama yake imachedwa poyerekeza ndi thumba la makala lomwe limagulidwa tsiku lomwelo. Banja la ming'oma iwiri silingasiye makala chifukwa cha uchi wokha. Phindu limaoneka ming'oma ikachuluka, phula likamagulitsidwanso m'malo motayidwa, ndiponso uchi ukakhala wabwino. Kololani zisa zokhazo zomwe njuchi zamata ndi phula, musafinye uchi pamoto, ndipo utsi ukhale wochepa. Uchi wosakhwima umakhala ndi madzi opitirira 20 peresenti, umasasa m'chidebe, ndipo ogula akuluakulu amaubweza.