Ndemanga ya chigayo china cha ku Nchalo, kwa amene amaphikira munthu wosadya tirigu

Patha chaka chimodzi chiyambire kukhala nyumba imodzi ya lendi ndi mphunzitsi mnzanga kuno ku Nchalo, ndipo iyeyu madokotala anamupeza ndi matenda a coeliac, amene amachititsa kuti gluten, puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi rye, iwononge mkati mwa matumbo aang'ono. Popeza timadyera mphika umodzi, vuto lake linasanduka langa. Chakudya chamasana ndi chamadzulo sichinatisautse, chifukwa nsima ya chimanga, mpunga, nandolo ndi mlamba wowamba zilibe gluten. Kadzutsa ndiye anatizunguza, pakuti buledi, mandasi ndi masikono zonse ndi za tirigu, ndipo ngakhale zitumbuwa zamumsika sitingazidalire, popeza ena amazikazinga m'mafuta omwewo a mandasi.

N'chifukwa chake ndinayamba kugayitsa mapira ndi mchewere, mbewu zimene zimapirira dzuwa la m'Chigwa cha Shire kuposa chimanga, pa chigayo china cha kuseri kwa msika, chimene kutsogolo kwake kuli kagolosale kogulitsa ufa.

Ubwino woyamba wa malowa ndi bambo amene amayendetsa makina. Tsiku loyamba nditawafotokozera kuti mnzangayo amadwala ngakhale ndi kafumbi kochepa ka tirigu, sanaseke monga amachitira ena amene amati zimenezi n'zodzikonda. Anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, tirigu salowa muno, koma bwerani m'mawa tikamatsegula kuti ndowa yanu ikhale yoyamba." M'mawa mwake ndinawapeza atatsegula chigayo, akusesa ufa wadzulo ndi kaburashi, kenaka anathira mapira anga odzaza manja awiri, n'kutayira nkhuku ufa woyambawo, ndipo wotsatirawo ndi umene unalowa m'thumba langa. Amachita zimenezi ulendo uliwonse popanda kuwakumbutsa.

Ufa wake umatuluka wosalala ngati mwapempha sefa yaing'ono, ndipo izi n'zofunika kwambiri pa mapira, chifukwa ufa wokhakhala umachititsa chikondamoyo kukhala ngati mwalumamo mchenga. Tiyenera kuvomereza kuti ufa wa mapira sugwirana ngati wa tirigu, popeza gluten yemweyo ndi amene amachititsa kuti ufa wokanda utanuke ndi kusunga mpweya pofufuma. Chikondamoyo changa choyamba chinanyenyeka ndisanachichotse mumphika. Tsopano ndimasakaniza makapu awiri a mapira ndi kapu imodzi ya ufa wa chinangwa, nthochi zakupsa zitatu, dzira ndi soda pang'ono, ndipo chimadulika bwinobwino ndi mpeni. Mchewere timausungira phala, limene timathira nsinjiro.

Chimene sindingayamikire ndi kagolosale ka kutsogoloko. Matumba a ufa wa mapira, mgaiwa ndi tirigu amawaika mondondozana ali otsegula, ndipo kapu yoyezera ndi imodzi. Tsiku lina magetsi atazima, ndinachita ulesi n'kugula ufa wogaya kale pamenepo, ndipo ndinaona ndi maso anga mnyamata wogulitsa akutunga ndi kapu yomwe inali itangotuluka m'thumba la tirigu. Ndinaganiza kuti kafumbi kotero sikangachite kanthu, koma mnzangayo anatsegula m'mimba masiku awiri mpaka kujomba kusukulu. Pambuyo pake ndinadziwa kuti, potsata muyeso wa Codex Alimentarius, womwe ndi mndandanda wa miyeso ya zakudya wa padziko lonse, chakudya chimatchedwa chopanda gluten ngati sichipitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi, mlingo umene kapu yosatsuka ingaudutse mosavuta. Ndinadandaula kwa mwini wake, ndipo anapepesa mwaulemu, koma mpaka lero kapuyo idakali imodzi.

Mtengo wogayitsa ndi wofanana ndi wa zigayo zina za m'derali, ndipo kusesako salipiritsa padera. Malo odikirira ndi opanda mthunzi, chinthu chimene munthu amachimva m'thupi mwezi wa Okutobala, ndiponso Loweruka mzere umatalika. Ine ndipitiriza kugayitsa kumeneko, koma ndimapita ndi mapira anga opeta kale, thumba langa lochapa, Lachitatu m'mamawa ndisanalowe m'kalasi, ndipo ufa wa pagolosale ndimangoudutsa.