Ulendo wa tsiku limodzi wochokera ku York kupita ku North York Moors, Whitby ndi Robin Hood's Bay

Mumzinda wa York muli makampani angapo amene amanyamula alendo pa minibasi ya anthu 16 kukawaonetsa mapiri a North York Moors ndi matauni a m'mphepete mwa nyanja ya North Sea, kunyamuka m'mawa n'kubwerako madzulo a tsiku lomwelo. Ine ndinayenda ndi kampani ina mwa amenewa chakumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, ndipo ndikulemba izi poganizira makamaka anzathu amene akugwira ntchito ku Leeds, Bradford, Sheffield ndi mizinda ina ya kumpoto kwa England, omwe ambiri alibe galimoto ndipo tsiku lopuma limawapeza mwa apo ndi apo. Maganizo anga ndi akuti ulendowu ndi woyenera ndalama zake, koma chimene chimauyeneretsa ndi gawo la kumapiri, osati la kunyanja limene makampaniwa amakonda kulionetsa pa zithunzi zoitanira anthu.

Za galimoto palibe chodandaulitsa. Minibasi inali yaukhondo, mazenera ake aakulu, ndipo tinanyamuka pa nthawi imene inalembedwa pa tikiti. Dalaivala ndi amenenso anali wotifotokozera malo, bambo achikulire obadwira m'dera lomwelo, amene ankalankhula kudzera pa maikolofoni uku akuyendetsa. Chingerezi chawo chinali cha ku Yorkshire chenicheni, chodula mawu kumapeto, moti munthu amene sanachizolowere achita bwino kukhala mpando wakutsogolo. Ola loyamba, mu msewu wa A64 kulowera ku Malton kenako ku Pickering, ndi minda ya tirigu ndi balere basi, ndipo palibe zambiri zoti munthu n'kunena.

Zinthu zimasintha mukangodutsa Pickering n'kuyamba kukwera mtunda mu msewu wa A169. Mipanda ya minda imatha, mitengo imatha, ndipo mumangoona mwatulukira pamwamba pa dziko lotambalala, lopanda nyumba ngakhale imodzi, lokutidwa ndi zitsamba zazifupi zotchedwa heather mpaka kumene maso alekeza. Amene anafikapo ku Nyika angalizindikire msanga dziko la mtundu umenewu, ndi mphepo yake yozizira yosapeza poima, kungoti kuno mtundu wake mu Ogasiti si wa udzu koma wofiirira mopita ku pepo. Derali analikhazikitsa kukhala malo otetezedwa a dziko mu 1952, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,436. Ndi limodzi mwa madera aakulu kwambiri a heather mu England yense.

Tinaima koyamba pa Hole of Horcum, chigwa chachikulu chozungulira chimene chili m'mphepete mwenimweni mwa msewu, chakuya mamita 120 ndipo m'mimba mwake n'choposa kilomita imodzi. Anthu akale a kumeneko ankati chimphona china chotchedwa Wade chinatapa dothi ndi dzanja pofuna kugenda mkazi wake atakangana, ndiye dzenje n'kutsala. A dalaivala anatiuza nthanoyi, koma sanalekere pomwepo: anatilozera timitsinje ta pansi pa chigwacho n'kufotokoza kuti akasupe ndiwo akhala akukumba phirilo pang'onopang'ono kuchokera m'munsi kwa zaka zikwizikwi, nthaka ya pamwamba n'kumagumukira m'kati. Pamalo pomwepa ndi pamene ndinaona heather pafupi. Ukamuonera patali amaoneka ngati wofewa, koma ukawerama umapeza kuti ndi kachitsamba kolimba ka timitengo touma, kofika m'mawondo, kokhala ndi timaluwa ting'onoting'ono tondondozana pa nthambi iliyonse. Fungo lake ndi la uchi, ndipo njuchi zinali ng'waa ponseponse ngakhale kunali mphepo.

Phindu lenileni lokhala ndi munthu wodziwa malo ndinaliona pamene anayamba kufotokoza kuti dziko looneka lachilengedweli ndi ntchito ya manja a anthu. Kalekale mapiriwa anali nkhalango, ndipo anthu akale anaigwetsa kuti apeze minda ndi msipu, nthaka n'kuguga mpaka kutsala yoyenera heather yekha. Lero chimene chimaletsa mitengo kumeranso ndi nkhosa, zimene zimadya momasuka popanda m'busa, komanso moto. Eni malo, pakuti gawo lalikulu la derali lili m'manja mwa anthu wamba ngakhale ndi lotetezedwa, amatentha heather m'zigawozigawo nyengo yozizira kuti aphukire mwatsopano, chifukwa mphukira zanthete ndizo chakudya cha mbalame zotchedwa red grouse, zimene anthu olemera amalipira ndalama zambiri kuti adzaziwombere nyengo yosaka ikatsegulidwa pa 12 Ogasiti chaka chilichonse. Ndiye chifukwa chake mapiri amaoneka a zigambazigamba, pena pakuda, pena pobiriwira, pena pa maluwa. Anatiuzanso mosabisa kuti nkhaniyi ndi ya mkangano, popeza oteteza chilengedwe amati motowo umawononga nthaka yakuda ya pansi imene imasunga madzi ndi mpweya woipa, pamene alonda a malowa amati kutentha pang'onopang'ono kumateteza ku moto wolusa wa m'chilimwe. Mbali zonse ziwiri anazifotokoza mwachilungamo, ndipo ndinawalemekeza pa chimenechi, chifukwa kukanakhala kosavuta kungotisiya tikujambula zithunzi. Patsogolo pang'ono, kudzanja lamanja, anatisonyeza chinyumba cha mbali zitatu cha RAF Fylingdales, malo a asilikali a m'ndege a Britain, kumene kuli makina ounikira mizinga yochokera kutali. Malowa anayamba ntchito mu 1963, pa nthawi ya udani wa maiko a azungu ndi Soviet Union.

Dandaulo langa loyamba ndi la ku Goathland. Mudziwu ndi wokongola, nkhosa zimagona pabwalo pakati pa nyumba ndipo magalimoto ndiwo amazipatukira, koma chimene makampani amaimirapo ndi mafilimu. Sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Heartbeat, limene linkaonetsedwa kuyambira 1992 mpaka 2010, analijambulira kumeneku, ndipo siteshoni ya sitima inaoneka mu filimu yoyamba ya Harry Potter mu 2001. Kwa alendo anzathu a ku Britain ndi ku America zimenezi zinali zazikulu, ndipo sindikuwanyoza. Komabe tinakhalapo pafupifupi ola lathunthu, nthawi yambiri n'kuthera m'timasitolo togulitsa makapu ndi mapositikhadi. Chopindulitsa chinali kuona sitima yoyendera malasha ya North Yorkshire Moors Railway ikulowa pa siteshoni, utsi uli tolotolo. Njanjiyi anaikonza ndi katswiri wa njanji George Stephenson ndipo inatsegulidwa mu 1836, poyamba mabogi ankakokedwa ndi mahatchi; boma linaitseka mu 1965, koma anthu odzipereka anaitsegulanso mu 1973 ndipo mpaka lero ambiri ogwira ntchito pamenepo ndi ongodzipereka. Zimenezi zikanatheka mu theka la ola, nthawi yotsalayo n'kuisungira kumene ikufunika.

Kumene ikufunikako ndi ku Whitby. Tinapatsidwa maola awiri ndi theka, ndipo m'maola amenewa munthu ayenera kudya, kuwoloka mlatho wa pa mtsinje wa Esk umene umadzaza anthu mpaka kuyenda mokankhana, kukwera phiri, kuona mabwinja, n'kubwerera pamene minibasi yaima. Sizikwanira. Tauniyi inamangidwa mbali zonse ziwiri za doko, ndipo pamwamba pa phiri la kum'mawa pali mabwinja a Whitby Abbey, nyumba yakale ya amonke, amene mumafikako pokwera masitepe 199. M'mbali mwa masitepewo muli timabenchi tathabwa apo ndi apo. Ambiri amangokhalapo kuti apume, koma a dalaivala anali atatiuziratu kuti poyamba timabenchito tinali topumitsirapo bokosi la maliro, chifukwa anthu a m'tauni ankanyamula akufa awo pamapewa kukwera nawo kumanda a tchalitchi cha St Mary's pamwambapo. Nditamva zimenezi ndinakwera masitepewo ndi mtima wina. Tchalitchicho musachilambalale: m'kati mwake mabenchi ndi otchingidwa ndi matabwa ngati timabokosi tokhala ndi zitseko zake, guwa lolalikirira ndi la nsanjika zitatu, ndipo kumbuyo kwake kuli timapaipi tiwiri timene mkazi wa m'busa wina, yemwe anali wovutika kumva, ankamvetserera ulaliki wa mwamuna wake.

Mabwinja enieniwo ndi ofunika kwa Mkhristu aliyense, wa mpingo uliwonse. Nyumba yoyamba ya amonke inakhazikitsidwa pamalopa mu 657, ndipo mtsogoleri wake anali mayi, Hilda, amene ankayang'anira amuna ndi akazi omwe. Mu 664 kunachitikira sinodi imene mfumu Oswiu ya Northumbria inagamula kuti dziko lake lizitsatira njira ya ku Roma yowerengera tsiku la Pasaka, osati ya amonke ochokera ku Ireland ndi ku chilumba cha Iona. Makoma amene aima lero ndi a tchalitchi cha m'zaka za m'ma 1200 kupita mtsogolo, chimene chinatsekedwa mu 1539 pa ulamuliro wa mfumu Henry VIII, ndipo pa 16 Disembala 1914 sitima zankhondo za Germany zinawomba tauniyi n'kuwononga mbali ina ya makomawo. Malowa amayang'aniridwa ndi bungwe la English Heritage ndipo polowa pamafunika tikiti yapadera, imene siili m'gulu la ndalama za ulendo. Apa ndiye pali dandaulo langa lachiwiri. Zimenezi zinalembedwa ndithu, koma m'malemba aang'ono a pansi, pamene chithunzi chachikulu choitanira anthu chinali cha mabwinja omwewo. Banja lina la ana atatu limene tinali nalo linangoonera kunja kwa mpanda, ndipo zinandikhudza.

Amene wakwera phiri sangathenso kuona bwino zina zonse, ndipo ndi zambiri. Mu Grape Lane muli nyumba imene James Cook, woyenda panyanja wotchuka, ankagona ali mnyamata wophunzira za sitima zapamadzi kuyambira mu 1746, ndipo tsopano ndi yosungiramo mbiri yake; sitima yake yotchuka, Endeavour, inakhomedwa ku Whitby konkuno mu 1764 ngati yonyamula malasha. Pa phiri la kumadzulo pali chipata chopangidwa ndi nsagwada za namgumi, chokumbutsa zaka zimene amuna a m'tauniyi ankakasaka anamgumi kunyanja ya madzi oundana. Masitolo a mu Church Street adzaza ndi ndolo ndi mikanda ya mwala wakuda wopepuka wotchedwa jet, umene kwenikweni ndi mtengo wakalekale wosanduka mwala, ndipo unatchuka pamene Mfumukazi Victoria inkauvala polira mwamuna wake Albert amene anamwalira mu 1861. Ambiri amabweranso chifukwa cha buku la Dracula, limene Bram Stoker analilemba atakhalako mu 1890, ndipo malonda ake ali paliponse. Za chakudya, nsomba ndi chipisi za ku Whitby n'zokomadi, nsomba yake yaikulu ndi yoyera m'kati, koma pa malo odyera otchuka mzere umafika mpaka mumsewu nthawi ya nkhomaliro. A dalaivala anatilangiza kugula zonyamula pa kawindo m'malo modikira tebulo, ndipo anachenjeza kuti mbalame za m'nyanja zimatsomphola chakudya m'manja. Onse awiri anali malangizo oona. Amene amakonda nsomba zowamba apite ku Henrietta Street, pafupi ndi tsinde la masitepe, kumene banja la Fortune lakhala likuwamba nsomba za herring kuyambira mu 1872. Utsi wake umakulonjerani musanaione nyumbayo.

Malo omaliza anali Robin Hood's Bay, makilomita pafupifupi 10 kummwera kwa Whitby. Magalimoto a alendo amaima pamwamba, ndipo mudziwo mumaufika potsetsereka ndi msewu umodzi wotsika kwambiri, pakati pa nyumba za madenga ofiira zopanikizana, zolumikizidwa ndi tinjira toti anthu awiri sangadutsane bwino. M'zaka za m'ma 1700 mudziwu unkadziwika ndi kuzembetsa katundu wosalipira msonkho, monga tiyi, fodya, kachasu wa kunja ndi nsalu za silika. Pamwamba pa mtunda pali chikwangwani chokumbukira zimene zinachitika mu Januwale 1881, pamene sitima ina inaonongeka pagombeli nyanja itakalipa, ndipo anthu ndi mahatchi anakoka bwato lopulumutsira anthu pamtunda kuchokera ku Whitby, kudutsa mu chipale chofewa chakuya, mpaka kupulumutsa onse amene anali m'sitimamo. Panonso ndi pamene pamathera ulendo wapansi wotchuka wa Coast to Coast, wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku St Bees kunyanja ya kumadzulo. Tinafika madzi ataphwera, miyala yathyathyathya ili poyera mpaka kutali, ana akusaka nkhanu m'timadziwe. Mphindi 50 zimene tinapatsidwa zinatha tisanakhutire, ndipo pobwerera mtundawo ndi wowawa. Kwa makolo achikulire amene abwera kudzacheza kuchokera kumudzi, kapena aliyense wa vuto la mawondo, ndi bwino kufunsiratu kampani ngati ingawatsitse pamwamba pa phiri la Whitby Abbey, kumene kuli poimika magalimoto, ndi kuvomereza kuti ku Robin Hood's Bay akaonera nyanja ali pamwamba.

Funso limene ambiri angafunse ndi lakuti bwanji osangokwera basi wamba. Basi ya Coastliner nambala 840 imachoka ku Leeds, kudutsa York, Malton, Pickering ndi Goathland mpaka ku Whitby mu msewu womwewu, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi tikiti ya minibasi. Ngati cholinga chanu ndi Whitby yekha, kwerani imeneyo, mukhale pampando wa pamwamba kutsogolo, mukakhale tsiku lonse mosathamangitsidwa ndi wotchi. Koma basiyo siidikira kuti mutsike pa Hole of Horcum n'kukwereranso, ndipo palibe amene angakuuzeni chifukwa chake phiri lili ndi zigamba za moto kapena ntchito ya timabenchi ta pa masitepe. Munthu wopita koyamba, wopanda galimoto, amene ali ndi tsiku limodzi lokha, apindula ndi minibasi, bola anyamule ndalama zina za chakudya ndi za polowera ku mabwinja, avale nsapato zolimba, ndipo asasiye jekete yotchinga mphepo ndi mvula ngakhale ku York kutacha bwino. Posungitsa malo muonetsetsenso mwezi, chifukwa heather amachita maluwa kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala, ndipo miyezi ina yonse mapiriwo amakhala ofiirira mouma, pamene m'nyengo yozizira mdima umagwa cha m'ma 4 koloko madzulo minibasi isanachoke n'komwe kunyanja.