Ndemanga: makina akale a pinball a Williams System 11, ogulidwa ku Johannesburg, akuseweredwa ku Nchalo

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Makinawo paokha ndi olimba ndipo anapangidwa moti pafupifupi chilichonse chamkati mwake chimamasuka n'kusinthika. Nyenyezi ziwiri zachotsedwa chifukwa cha wogulitsa, amene analemba kuti "akugwira ntchito bwino" pomwe amangotanthauza kuti akawalumikiza ku magetsi amayaka, komanso chifukwa cha nyengo ya kuno ku chigwa, imene siiwachitira chifundo.

Kwa amene sanawaonepo, ndi tebulo lopendekera lovundikiridwa ndi galasi. Mkati mumathamanga kampira kachitsulo ka mamilimita 27, kolemera pafupifupi magalamu 80, ndipo wosewera amakabweza ndi timikono tiwiri totchedwa ma flipper kuti kasagwere m'dzenje la kumunsi. Kampani ya Williams ya ku Chicago inapanga mtundu wa System 11 kuyambira 1986 mpaka 1990, ndipo inasiyiratu kupanga pinball mu 1999. Ndiye ngakhale atawala bwanji pa chithunzi, makina aliwonse a mtunduwu adutsa zaka 30.

Musatumize ndalama musanaone chithunzi cha bolodi yaikulu, ya CPU, imene ili m'bokosi loimirira la kumutu. Pa bolodiyo pamakhala mabatire atatu a AA osunga masetingi ndi zigoli. Makina akakhala m'galaja zaka zingapo, mabatirewo amawukha, madzi ake n'kutsetserekera pa tizipangizo ta m'munsi mwake. Chizindikiro chake ndi zotuwa kapena zobiriwira pa miyendo ya tizipangizoto, ndipo mtovu wowotcherera umaoneka ngati phulusa m'malo monyezimira. Pa makina ano wogulitsa anaikamo mabatire atsopano koma osatsuka, choncho zowukhazo zinapitiriza kudya tinjira ta kopa. Zowukhazi si asidi, n'chifukwa chake amazipha ndi viniga: sakanizani theka viniga woyera theka madzi, tsukani ndi mswachi, tsukuluzani ndi madzi oyera, malizani ndi isopropyl alcohol, kenako siyani bolodi iume tsiku lonse pamthunzi. Kachipangizo kalikonse kamene kakhudzidwa kachotsedwe, tinjira tipalidwe mpaka kopa awale, todukatoduka tilumikizidwe ndi kawaya. Mukatha, mabatire asabwererenso pa bolodi. Gulani kabokosi ka mabatire atatu, kalumikizeni ndi mawaya awiri aatali, kakhale pansi pa bokosi lakumutu pomwe ngakhale kawukhe sikaononga kanthu. Bolodi ikakhala kuti yadyeka malo aakulu kuposa chikhatho, pemphani kuti mtengo utsike kwambiri kapena asiyeni.

Za magetsi, ubwino wogula ku South Africa ndi woti kumeneko amagwiritsa ntchito 230V ndi 50Hz ngati kuno, ndiye nthawi zambiri mumangosintha pulagi ya mano ozungulira kuika yathu ya mano a makona anayi. Komabe tsegulani muone. Makina amene anachokera ku America osasinthidwa amakhala pa 120V, ndipo mukawalumikiza kukhoma mwachindunji mutaya zambiri pa sekondi imodzi. Thiransifoma yake imalola kusintha mawaya kuti ilandire 230V monga momwe buku la makinawo likusonyezera, koma pamodzi ndi mawayawo musinthenso fyuzi yaikulu ndi varistor (kachipangizo koteteza makina magetsi akakwera mwadzidzidzi) ya m'kabokosi kolowera magetsi, muike varistor ya 275V. Waya wa earth si wongokongoletsa: miyendo, zitsulo za m'mbali ndi chitseko cha ndalama zonse ndi zachitsulo, ndipo anthu ambiri kuno amasewera atavala patapata pa simenti, thukuta lili chuchuchu m'manja. Ikaninso fridge guard pakhoma, kuti magetsi akathima n'kubweranso mwamphamvu makina adikire kaye. Fyuzi iliyonse ifanane ndi nambala yolembedwa m'buku. M'makina ano munapezeka fyuzi ya 20A pamalo pa yaing'ono kwambiri, ndi ina yokulungidwa ndi kawaya. Chizolowezi chimenechi n'chimene chimapsereza ma bolodi.

Ponyamula, chotsani mipira yonse, pindani mutu ugone pa tebulo pali bulangete pakati, mangani ndi lamba, masulani miyendo inayi. Amalemera kuposa makilogalamu 100, ndipo potsika mapiri a Thabwa kulowera ku Chikwawa katundu wosamangidwa amatsetsereka. Mabawuti ake ndi a mainchesi, ndiye masipanala a mamilimita amangowalalitsa mitu. Pezani seti ya mainchesi, makamaka nut driver ya 1/4.

Ma flipper anafika ofooka, mpira sumakwera n'komwe pa mtunda wa pakati. Ambiri zikatero amathamangira kugula koyilo yatsopano (waya wopiringizidwa umene umakoka flipper ngati maginito), pomwe koyilo siikhala yolakwa kawirikawiri. Makina ambiri a System 11 amagwiritsa ntchito koyilo ya FL-11630 pa 50V, yomwe ili ndi mapiringidzo awiri: lamphamvu lomenyera mpira, ndi lofooka longogwira flipper ili m'mwamba. Chosankha pakati pa awiriwa ndi swichi yotchedwa EOS. Imakhala yotseka flipper ikapuma, ndipo imatseguka pamapeto penipeni pa ulendo wake, mpata wa pafupifupi mamilimita 3. Ikada kapena ikatseguka msanga, flipper imafooka. Ikapanda kutseguka, mphamvu yonse imakhalabe pa koyilo, pepala lokutira limapserera, kachubu ka nayiloni kamkati kamasungunuka, mumamva fungo musanaone utsi. Mankhwala ake ndi rebuild kit, seti ya zipangizo zatsopano za flipper: plunger (kachitsulo koyenda mkati mwa koyilo) ndi link yake, coil stop (pomwe plunger imakagunda), kachubu ka nayiloni, sipuling'i ndi EOS yatsopano, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mukayang'ana plunger yakale muona nsonga yake yafutukuka ngati bowa chifukwa chomenyeka zaka zambiri, ndipo kufutukukako n'kumene kumakwekwesa m'kachubu n'kudya mphamvu. Pomanga, siyani kampata kakang'ono koti flipper izitha kusewera pang'ono m'mwamba ndi pansi. Mukaithinitsa imakanirira, mukailekerera imakanda matabwa. Ndipo musathire oyilo, girizi kapena WD-40 pa plunger. Imayenera kuyenda youma. Mafuta akakumana ndi fumbi la kuno amasanduka phala lakuda, flipper n'kumakakamira m'mwamba.

Mano a EOS ndi olimba, mutha kuwapala ndi kafayilo. Maswichi ena onse a patebulo ali ndi kagolide kopyapyala, ndipo sandipepa amawaononga. Lowetsani kapepala kolimba pakati pa manowo, finyani pang'ono, kokani, basi.

Koyilo ina, osati ya flipper, ikangokoka yokha mutangoyatsa makina, zimitsani pompo. Nthawi zambiri imakhala kuti transistor yake ya TIP122 pa bolodi yafa. Ikani TIP102, yomwe imapirira kwambiri, ndipo musinthire limodzi ka 2N4401 kamene kamaiyendetsa ndi diode ya 1N4004 ya koyiloyo. Yezani koyilo ndi multimeter: ikatsika kufika cha m'ma ohm 2, yapsa mkati, ndipo idzaphanso transistor yatsopanoyo.

Kutentha ndiye mdani wamkulu. Mu Okutobala ndi Novembala ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula kumadutsa madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i bokosi lakumutu limatentha mpaka kukanika kuligwira. Mababu akale a nambala 44 amakoka 0.25A lililonse pa 6.3V, ndipo alipo ochuluka amene amayaka nthawi yonse. Magetsi onsewo amadutsa pa timapulagi tapulasitiki, n'chifukwa chake mumatipeza tatuwa kapena tapsa ngati makala, mbali ina ya tebulo ili mumdima. Kusintha pulagi yokha sikuthandiza, muyenera kusinthanso mapini a pa bolodi, chifukwa pini yopsa imatenthetsanso pulagi yatsopano. Mababu a nambala 47 amakoka 0.15A, koma a LED ndiwo anathetsa vutoli kuno. Kuwala kwake sikofewa ngati kwa akale, ena sakukonda, koma makina amazizira. Ziwonetsero za zigoli zimayendera pa magetsi a +100V ndi -100V, choncho musapisemo dzanja makina ali oyaka. Zikayamba kuzimiririka, za LED zolowa m'malo mwake zilipo ndipo sizifuna magetsi aakuluwo.

Fumbi la chilimwe ndi phulusa la nzimbe zootchedwa zimalowa ngakhale galasi lili pamalo pake. Zikasakanikirana ndi mpira wokandika, zimakhala ngati sandipepa pa utoto, ndipo utoto ukachoka subwerera. Pukutani tebulo sabata iliyonse ndi kansalu kofewa, pakani carnauba wax, ndipo madzi kapena sopo wotsukira mbale asayandikire, chifukwa pansi pa utotowo ndi plywood. Mpira ukangoonetsa kadontho ka dzimbiri, utayeni. Malabala onse a patebulo, amene mpira umagunda, anafika ataphwanyikaphwanyika, ndipo seti yatsopano iyenera kugwirizana ndi dzina la makina anu chifukwa kukula kwake kumasiyana. Tebulo lipendekere madigiri 6.5, mbali ndi mbali likhale lolingana. Foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera imakwanira, koma muiike pa thabwa, osati pa galasi. Galasilo ndi lolimbitsidwa, la mainchesi 21 kwa 43. Musaliimike pa simenti popanda katoni pansi, limaphulika lonse, ndipo musalisinthe ndi galasi la windo. Nyengo ya dzinja kwezani miyendo pa njerwa, makinawo atalikirane ndi khoma lonyowa, ndipo tsekani mabowo a pansi ndi waya wa sefa kuti makoswe ndi mphemvu asamangemo.

Zipangizo zazing'ono monga ma diode, ma transistor ndi mafyuzi mutha kuzisaka m'mashopu a zamagetsi ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo wokonza mawayilesi waluso pa msika angathe kuziwotcherera akapatsidwa mapu a mawaya. Koma malabala, ma rebuild kit, makoyilo ndi mipira zimachokera kunja, ndiye itanitsani ziwiriziwiri pa ulendo umodzi. Kabowo ka ndalama kanapangidwira makobidi a dziko lina, ndipo makobidi athu a K5 ndi K10 sangalipire ngakhale babu limodzi. Njira imene ikuyenda ndi kuika makina pa free play m'masetingi, wosewera azilipira kwa wogulitsa pa kauntala ngati momwe amachitira pa tebulo la pool. Pa ndalama, tebulo la pool limaposa kutali, popeza silifuna magetsi ndipo kalipentala aliyense amalikonza. Pinball imakopa anthu kulowa m'nyumba, koma payenera kukhala munthu wokhala ndi kiyi pafupi, chifukwa mpira ukakodwa kuseri kwa pulasitiki anyamata amayamba kunyamula tebulo ndi kulimenyetsa pansi, ndipo mabulaketi a miyendo ndiwo amayamba kuthyoka.