Kabala kaku Chibavi, kumbuyo kwa chigayo

Ndinakhalako Loweruka madzulo. Kuche Kuche wozizira bwino, kanyenya wambuzi ndiye usanene, koma mipando yapulasitiki yothoka miyendo, aise samala ungagwe chagada. Nyimbo akweza mopyola, kulankhulana mpaka kukuwa.

Chomwe chinandidabwitsa, boma linaletsa masacheti mu 2015 koma anyamata akabaza akungogula timabotolo tating'ono ta mowa woukali uja n'kumagawana pakachivindikiro, ena akangoona mtengo wa Green amadutsa kuseri kwa amayi a kachasu, komwe ndalama imathera konko boma osaonako msonkho. Mwini bala akuti masacheti ankamubweretsera makasitomala ambiri m'mawa, pano amatsegula masana.

Ndidzapitanso chifukwa cha kanyenya basi. Kuchimbudzi tengani tochi.